Ma shades apamsika si chishango: momwe mungasankhire magalasi oteteza maso osagwira nkhungu

Amene mumakhalira pa TikTok mwawaonapo anyamata akunja atavala ngati asilikali, akuthamangitsana m'tchire ndi mfuti zooneka ngati zenizeni. Masewerawo ndi airsoft, ndipo anayambira ku Japan m'zaka za m'ma 1970. Kwathu kuno tili ndi mng'ono wake: timfuti tazidole ta tizipolopolo tapulasitiki, tija ana amaomberana nato m'makwalala ikafika Idi kapena Khirisimasi. Kusiyana kwake n'kwakuti kunjako salola munthu kulowa m'bwalo wopanda magalasi oteteza maso, pomwe kuno mwana amasewera maso ali pamtetete.

Kachipolopoloko n'kakang'ono, mamilimita 6 basi, koma mfuti ya airsoft imakatulutsa pa liwiro la mamita pafupifupi 100 pa sekondi. Tazidole tapamsika mphamvu yake ndi yocheperapo, komabe kuombera pafupi kamatha kukhetsa magazi m'kati mwa diso.

Nkhaniyi si ya ana okha ayi. Wakabaza wa njinga yamoto amene akutsata lole pa msewu wa ku Monkey Bay amakumana ndi timiyala touluka, ndipo madzulo m'mbali mwa Shire tizilombo timamuwaza kumaso. Wodula zitsulo ndi girayinda naye chimodzimodzi. Ambiri mwa awa amadalira ma shades a fasho. Vuto ndi loti pulasitiki wake ndi wosalimba: chinthu chikamenya amasweka, zidutswa zake n'kulowa m'diso lomwelo.

Yang'anani zilembo, osati kukongola

Magalasi enieni oteteza maso amapangidwa ndi pulasitiki wolimba wotchedwa polycarbonate, ndipo amadindidwa zilembo pagalasi ndi pafelemu pomwe. Mukaona Z87+, ndiye kuti anayesedwa pa muyezo wa ku America ndipo amapirira kumenyedwa mwamphamvu. Kachizindikiro ka + kaja n'kofunika, musakanyozere.

A ku Ulaya ambiri amalembedwa EN 166, kenako chilembo. F akutanthauza kuti galasi linapirira kampira kachitsulo ka mamilimita 6 kothamanga mamita 45 pa sekondi. B ndi mamita 120 pa sekondi. Magalasi amiyendo, aja okolowekera m'makutu, amathera pa F. Chilembo B mumachipeza pa magogo, aja a lamba omata nkhope yonse, ndi pa zishango zakumaso. Panjinga F akhoza kukwanira, koma pamasewera a tizipolopolo tengani magogo a B, chifukwa kachipolopolo kamatha kudzera m'mbali, pansi kapena pamwamba. Pa girayinda nawonso magogo ndiye abwino.

Aja a waya ngati sefa amakopa chifukwa sagwira nkhungu, koma kachipolopolo kakaphwanyika tizidutswa take timadutsa m'timabowomo.

Chilembo aliyense akhoza kudinda, zimenezo tikudziwa. N'chifukwa chake ndi bwino kugula m'sitolo ya hadiweya kapena yogulitsa zovala zodzitetezera pantchito, n'kuona ngati dzina la kampani, monga 3M, Uvex kapena Bollé, likugwirizana pagalasi, pafelemu ndi papaketi. Apakaunjika okandikakandika kapena ang'alu asiyeni, ndi otha ntchito.

Nanga nkhungu ija imachokera kuti?

Apa ndiye pagona nkhani. Anthu ambiri amavulala magalasi ali pachipumi kapena m'thumba, atawavula chifukwa sakuona bwino. Nkhope yanu ndi yofunda, imatulutsa thukuta ndi mpweya wachinyezi. Mpweyawo ukagunda galasi lozizira umasanduka timadontho ting'onoting'ono, ngati mmene botolo la Fanta wozizira limachitira thukuta. Kunyanja kuno kutentha ndi chinyezi ndi zathu, ndiye ukathamanga pang'ono galasi layera kale. Mu June ndi July, mwera ukamaomba, wokwera mapiri kupita ku Namwera m'mamawa amaziona bwino: kunja kukuzizira, m'chipewa mukufunda.

Pogula funani chilembo N pa a EN 166, kapena X pa a Z87 atsopano. Zonsezi zikutanthauza kuti galasi linapakidwa mankhwala oletsa nkhungu. Chilembo K chikutanthauza kuti silikandika msanga. Magogo akhale ndi timabowo topitira mphepo tobisika m'mbali, toti kachipolopolo sikangalowe. A magalasi awiri ophatikiza ndiye madolo, chifukwa lam'katilo silizizira msanga. Pa chipewa cha njinga, tsekulani galasi pang'ono chabe mukaima pa siteji kuti mpweya utuluke.

Ngati anu alibe mankhwalawo, pakani m'kati kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale, mudikire aume, kenako mupukute pang'onopang'ono ndi kansalu kofewa. Zimathandiza kwa kanthawi, mawa mubwerezenso. Amene ali ndi N kale musawakwechese ndi malaya, mukuchotsa mankhwalawo. Atsukeni ndi madzi n'kuwasiya aume okha. Petulo ndi thina musayerekeze, zimafooketsa polycarbonate mpaka kuchita ming'alu.

Galasi lakuda usiku ndi ngozi ina payokha. Wakabaza akhale ndi loyera la usiku. Owotcherera zitsulo, inu nkhani yanu ndi ina: kuwala kwa wedingi kumafuna chishango chake cha galasi lakuda la nambala 10 kupita m'mwamba. Ma shades sagwira ntchito pamenepo, n'chifukwa chake maso amayamba kuwawa usiku ngati mwalowa mchenga.

Zikavuta

Diso likamenyedwa musalitikite, ndipo chinthu chikabaya n'kukanirira musachizule. Phimbani ndi kakapu kapulasitiki koyera mosakanikiza diso, n'kuthamangira ku chipatala cha boma cha Mangochi kapena cha Monkey Bay tsiku lomwelo. Zovuta kwambiri amatumiza ku zipatala zazikulu, monga cha maso cha Lions Sight First ku Queens, ku Blantyre. Mkaka wam'mawere, madzi a shuga ndi zitsamba zofinyira m'diso zimangoonjezera matenda. Ngakhale ululu utachepa pitanibe, chifukwa kuvulala kwa m'kati mwa diso nthawi zina kumaonekera patapita masiku.

Ndiye Idi kapena Khirisimasi ikubwerayi, ngati mng'ono wanu akulilira kamfuti, mugule magogo kaye, kamfuti pambuyo. Lamulo likhale lomwe lija la m'mabwalo a airsoft: palibe kuombera munthu amene sanavale, ndipo palibe kuvula masewera asanathe. Ngati ndalama ikukwanira chimodzi chokha, mpira ulipo.