Kanema Amene Anajambulidwa Mobisa ku Sophiatown

Omvera ambiri m'maboma onse a dziko lino ali ndi mbale amene anapitapo ku migodi ya ku Johannesburg, kuja anthu ankangoti ku Joni. Ena anabwerako ndi njinga ndi majekete, ena anatchona. Koma kodi munthu wakuda akafika mumzinda umenewo ankagona kuti, ndipo ankakhala motani? Kanema wotchedwa Come Back, Africa, amene anatuluka m'chaka cha 1959, anayankha funsoli kudzera pakamwa pa eni ake.

Amene anajambula kanemayu ndi Lionel Rogosin wa ku New York. Boma la tsankho la South Africa silikadalola ntchito yotere, choncho iye ananamiza akuluakulu a boma kuti akujambula kanema wa nyimbo. Mbali yaikulu anaijambula ku Sophiatown, dera limene anthu akuda ankaloledwa kugula malo ndi kumanga nyumba zawozawo. Kumeneko ankakhala moyandikana ndi makaladi, amwenye ndi Matchaina, chinthu chimene boma linkadana nacho. Pa 9 February 1955 apolisi 2,000 anayamba kusamutsira anthu akuda ku Meadowlands, ndipo mitundu inayo inapatsidwa madera ake. Pamene Rogosin ankajambula, nyumba zinali kugwetsedwa, ndipo mabwinja ooneka m'kanemamo ndi enieni.

Rogosin anadziŵa kuti mlendo sangafotokoze za mudzi wa eni. Nkhani anailuka pamodzi ndi Lewis Nkosi ndi Bloke Modisane, olemba a magazini ya Drum. Sanafune akatswiri a zisudzo, koma anasankha anthu wamba ndi kuŵalola kulankhula mawu awoawo m'Chizulu, Chingerezi, Chiafrikaans ndi Fanakalo, chilankhulo cha kumigodi.

Mwini nkhani ndi Zacharia Mgabi, amene akuseŵera ngati munthu wothaŵa njala kwawo ku Zululand. Akuyamba ntchito mumgodi wa golide, kenaka ya m'nyumba ya mzungu, ya pagalaja, ya m'hotela ndi ya pamsewu, ndipo kulikonse sakukhalitsa. Chimene chikumumanga ndi chitupa, pakuti popanda chitupa alibe ntchito ndiponso alibe pogona. Mkazi wake, Vinah, akupeza ntchito ya m'nyumba, koma lamulo silikulola kuti mwamuna agone m'kachipinda kake. Apolisi akumugwira kumeneko usiku, ndipo potuluka m'ndende akupeza mkaziyo ataphedwa ndi chigaŵenga.

Ngakhale zili tero, si onse amene anapatsidwa mpata wofanana. M'gawo lotchuka la m'shabini, amuna ophunzira, monga Can Themba, ndiwo akutsutsana m'Chingerezi za ndale ndi tsankho, pamene Zacharia, munthu wa kumudzi, akungomvetsera. Amayi salankhula zambiri. Nawonso amuna a ku Nyasaland ndi Mozambique, amene Wenela inkaŵatengera ku migodi yomweyo, nkhani yawo siikufotokozedwa.

M'shabini momwemo akuimba mtsikana wina, Miriam Makeba. Iye anapita ku Venice kumene kanemayu anaonetsedwa mu 1959 ndi kulandira mphotho, ndipo mu 1960 boma linamukaniza kubwerera kwawo kukaika maliro a mayi ake. Kanemayo analetsedwa m'South Africa kwa zaka zambiri. Pamabwinja a Sophiatown panamangidwa nyumba za azungu, ndipo deralo linatchedwa Triomf, ndiye kuti chipambano, kufikira mu 2006 pamene dzina lakale linabwezeredwa.

Tsono, omvera, poonera kanema aliyense wonena za anthu osamukira m'tauni, nkwabwino kufunsa kuti walemba nkhani ndani, akulankhula ndani, ndipo wangoima chete kumbuyo ndani. Nyumba za Sophiatown zinagwa kalekale, koma nkhope ndi mawu a ena mwa amene ankakhalamo zikadalipo, chifukwa iwo anapatsidwa mpata wodzilankhulira okha.