Chifukwa chomwe gemu ya The Legend of Zelda ikukopabe anthu

Gemu ya The Legend of Zelda, yomwe kampani ya Nintendo ya m'dziko la Japan idatulutsa pa 21 February 1986, ikukopabe anthu ambiri ngakhale kuti zithunzi zake ndi zachikale poyerekeza ndi za magemu amakono.

Gemuyi idayamba kuseweredwa ku Japan pa makina a Famicom Disk System, ndipo m'chaka cha 1987 idafika ku America ndi ku Ulaya pa makina olumikiza ku wailesi yakanema otchedwa NES. Makope ake oposa 6.5 miliyoni adagulitsidwa.

Nkhani ya m'gemuyi ndi yosavuta kumva. Wosewera amayendetsa mnyamata wotchedwa Link, yemwe amafunafuna zidutswa zisanu ndi zitatu za chinthu champhamvu chotchedwa Triforce kuti akapulumutse Zelda, mwana wamkazi wa mfumu, m'manja mwa mdani wake Ganon m'dziko longopeka la Hyrule.

Komabe chomwe chimakopa anthu kwambiri si nkhaniyi ayi, koma ufulu womwe wosewera amapatsidwa. Magemu ambiri a nthawi imeneyo, kuphatikizapo Super Mario Bros. ya mu 1985, ankamuyendetsa munthu njira imodzi, kuchoka kumanzere kupita kumanja. Mu Zelda, Link amayamba ulendo alibe ngakhale lupanga, pakati pa dziko la zigawo 128 lokhala ndi nkhalango, mapiri, nyanja ndi chipululu. Wosewera amayenera kuganiza yekha zolowa m'phanga lomwe lili pafupi, momwe nkhalamba ina imamupatsa lupanga, kenaka n'kusankha yekha kolowera.

A Shigeru Miyamoto, omwe adapanga gemuyi pamodzi ndi a Takashi Tezuka, adafotokozapo kuti maganizowa adachokera ku ubwana wawo, pomwe ankayendayenda m'mapiri ndi m'mapanga a kufupi ndi kwawo ku Sonobe, m'chigawo cha Kyoto. Cholinga chawo chidali choti wosewera amve chimwemwe cha mwana yemwe watulukira malo achilendo popanda womulondolera.

Pachifukwachi, zinthu zambiri m'gemuyi zidabisidwa. Makomo ena amaoneka pokhapokha wosewera akaphulitsa thanthwe ndi bomba kapena akatentha chitsamba ndi kandulo. Popeza m'masiku amenewo anthu adalibe intaneti m'makomo mwawo, osewera ankadzijambulira mapu papepala ndi kuuzana zomwe apeza kusukulu ndi kuntchito. Choncho gemu yosewera munthu mmodzi idasanduka nkhani yokambirana anthu ambiri.

Ulendo wautali chotere sukanatheka kuumaliza tsiku limodzi. Ichi n'chifukwa chake kaseti ya gemuyi ya pa NES, yomwe idali ya mtundu wa golide, idaikidwa batire m'kati kuti izisunga pomwe wosewera walekezera, chinthu chomwe chidali chachilendo panthawiyo. Womaliza ulendo woyamba amapatsidwanso wachiwiri, wovuta kwambiri, momwe malo obisika amasinthidwa. Nayo nyimbo ya gemuyi, yomwe adapeka a Koji Kondo, idapitiriza kumveka m'magemu ambiri a Zelda omwe adatuluka pambuyo pake.

Umboni woti maganizo a mu 1986 akadali ndi mphamvu udaoneka m'chaka cha 2017, pomwe Nintendo idatulutsa The Legend of Zelda: Breath of the Wild. Omwe adapanga gemu yatsopanoyi adayamba ayesa nzeru zawo pa kagemu kooneka ngati Zelda yoyamba ija, ndipo adabwezeretsa ufulu woti wosewera azipita komwe afuna.

M'chaka cha 2016, nyumba yosungirako zinthu zakale ya The Strong ya mumzinda wa Rochester ku America idaika gemuyi pa mndandanda wa World Video Game Hall of Fame. Mu July 2021, kaseti yake imodzi yosatsegulidwa idagulitsidwa pa okushoni pamtengo wa madola 870,000 a ku America.

Ngakhale zili chomwechi, magemu akale ambiri alibe mwayi womwe Zelda ili nawo. Nintendo yakhala ikuitulutsanso pa makina atsopano, mwachitsanzo pa NES Classic Edition mu 2016 ndi pa Nintendo Switch mu 2018. Koma kafukufuku yemwe bungwe la Video Game History Foundation lidatulutsa mu 2023 adapeza kuti magemu 87 mwa 100 alionse omwe adatulutsidwa ku America chisanafike chaka cha 2010 sankagulitsidwanso. Mabatire a m'makaseti amatha, makina amaonongeka, ndipo malamulo a umwini wa ntchito zaluso amachepetsa zomwe nyumba zosungirako mabuku ndi zinthu zakale zingachite pofikitsa magemuwa kwa anthu ofufuza.