Kodi Mumadziwa? Mbiya za Anthu a Pueblo

Ku New Mexico ndi Arizona, m'dziko la America, kuli anthu a Pueblo amene mbiya zawo zojambulidwa ndi manja zimalimbiranidwa ndi okonda zaluso komanso nyumba zosungiramo zakale. Kodi mumadziwa kuti:

• saumbira pa makina? Amapota dongo ngati chingwe n'kumalisanjikiza mozungulira, kenaka amapala ndi chibenthu cha chikho n'kukulungiza ndi mwala wosalala. Miyala ina yokulungizira amachita kusiyirana, kuchokera kwa agogo mpaka kwa zidzukulu.

• asanakumbe dongo, ambiri amapemphera ndi kuwaza ufa wa chimanga, poti kwa iwo dongo ndi mayi wowadyetsa?

• ku mudzi wa Acoma amapera mapale akale n'kusakaniza ndi dongo latsopano? N'chifukwa chake mbiya zakumeneko zimalimba ngakhale ndi zopyapyala zedi.

• pojambula amagwiritsa ntchito tsamba la yucca lotafunidwa kunsonga, ndipo utoto wakuda amaupeza powiritsa chomera cha beeweed mpaka madzi ake atagwirana?

• mbiya amaotchera panja ndi ndowe zouma za nkhosa kapena ng'ombe? Akaphimba motowo ndi ndowe zopera, utsi umasandutsa mbiya yofiira kukhala yakuda bii.

• Maria Martinez wa ku San Ildefonso ndi mwamuna wake Julian anatchuka cha m'ma 1920 pojambula zakuda zosawala pa mbiya yakuda yonyezimira? Maria anali m'gulu la oyamba kulemba dzina kunsi kwa mbiya, ndipo anamwalira mu 1980.

• Nampeyo, mayi wa mtundu wa Hopi-Tewa, anaukitsa zojambula zamakedzana potengera mapale a pabwinja la Sikyatki?

• mu 1964 Helen Cordero wa ku Cochiti anaumba nkhalamba yokamba nthano ana ataikwera ponseponse, pokumbukira agogo ake aamuna?

• msika wa Santa Fe Indian Market, kumene mbiyazi zimagulitsidwa, unayamba mu 1922 ndipo umachitika mwezi wa Ogasiti?

• lamulo la dziko la America la mu 1990 limaletsa kugulitsa zaluso monamizira kuti zapangidwa ndi Amwenye a ku America, monga anthu a Pueblo?

Wogula wodziwa safunsa mtengo msanga. Amayamba wafunsa amene anaumba, mudzi wake, kumene dongo linachokera ndi mmene mbiyayo inaotchedwera, pakuti mayankho amenewa ndiwo amasiyanitsa yeniyeni ndi yothira m'chikombole.