Ng'oma Ziwiri Zikalimbirana Malo

M'misika ya kumidzi monga Nsaru, Namitete ndi Mpingu mukupezeka achinyamata amene, atatsiriza Fomu 4 nasowa ntchito ya mu ofesi, akhazika kompyuta ndi masipika awiri m'kachipinda ka lendi nayamba kukonza nyimbo. Ena agulitsa mtedza kapena soya kuti apeze zipangizozo. Vuto limene limagwetsa ambiri a iwo ndi limodzi: nyimbo imamveka bwino m'kachipindamo, koma ikaikidwa pa masipika akuluakulu a pa ukwati imangoti phuu ngati mphepo ya m'mphanga, ndipo ovina amayamba kukhala pansi mmodzimmodzi. Wojambulitsa amafuna ndalama zake, mbiri ya mnyamatayo nkuipa msika wonse.

Gwero la vutoli ndi mawu awiri a pansi. Oyamba ndi kugunda kwa ng'oma yaikulu, kumene okonza nyimbo amakutcha kiki. Achiwiri ndi bezi, mawu olemera aja amene amayenda pansi pa nyimbo. Khutu la munthu limamva kunjenjemera kwa mpweya kuyambira ka 20 mpaka ka 20,000 pa sekondi, koma kiki ndi bezi zonse zimakhala kumunsi kwenikweni kwa muyesowu, kawirikawiri pansi pa 100. Tsono zikalira nthawi imodzi pamalo amodzi, chimodzi chimabisa chinzake, mwinanso zimaphana mphamvu kotero kuti zonse ziwiri zimafooka.

Mtundu wa nyimbo umene umaonetsa vutoli poyera ndi minimal techno. Techno inayambira mumzinda wa Detroit ku America m'zaka za m'ma 1980, ndipo m'chaka cha 1994 Robert Hood anatulutsa chimbale chotchedwa Minimal Nation chimene chinasiya zokometsera zambiri nichitsala ndi mafupa okhaokha a nyimbo. Kiki yake, imene ambiri ankaitenga m'makina a Roland TR-909 opangidwa m'chaka cha 1983, imagunda mosalekeza. Pakuti zoimbira zimakhala zochepa, palibe pobisala: kiki ndi bezi zikasemphana, nyimbo yonse yafa.

Komatu nzeru yothetsera vutoli si yachilendo kwa anthu a kwa Kabudula kapena ku Nambuma. Pa bwalo la Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza m'chaka cha 2005, ng'oma sizilira mawu amodzi. Gunda ali ndi mawu ake a pansi, mpanje ali ndi ake, ndipo mbalule ndiyo imalankhula ndi mapazi a wovina. Oimba amawamba ng'oma pamoto kuti chikopa chikungike, mawu akwere. Amamata phula pakati pa chikopa kuti mawu atsike ndi kulemera. Akatero amaomba pang'ono nayang'ana anzawo amene aima chapatali. Woomba ng'oma samva bwino ng'oma yake chifukwa ili pamiyendo pake. Amene amadziwa ngati yapsa ndi uja waima kuseri kwa bwalo.

Chitsanzo china ndi gulu la Madalitso Band la ku Lilongwe. Yobu Maligwa amaimba babatoni, bezi ya nsambo imodzi, pamene Yosefe Kalekeni amaimba gitala wa nsambo zinayi uku akugunda ng'oma ndi phazi. Anthu awiri okha, koma ng'oma ndi babatoni zimapatsana mpata mwaluso kotero kuti anavinitsa anthu pa chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar m'chaka cha 2017, ndipo chimbale chawo cha Wasalala chinatuluka ku Geneva m'chaka cha 2019. Luso limeneli analinola poimba m'misewu, kumene omvera sanyengerera munthu: akakondwa amaima, akatopa amapitirira.

Wokonza nyimbo pa kompyuta ali ndi njira zitatu zofanana ndi zomwezi. Yoyamba ndiyo kusiyanitsa nthawi, kuti bezi ilire m'mipata imene kiki yapuma. Yachiwiri ndiyo kusiyanitsa malo: ngati kiki yatenga mawu a pansi penipeni, bezi ichepetsedwe pamenepo ndi kukwezedwa chapamwamba pang'ono. Uku ndiko kuwamba ndi kumata phula kwa masiku ano. Yachitatu ndi ija amaitcha sidechain, imene imachititsa bezi kugwada kamphindi nthawi iliyonse kiki ikagunda, nidzukanso ikadutsa.

Ngakhale zili choncho, njira zonsezi nzachabe popanda khutu la munthu wina. Amene wamvera nyimbo imodzi kwa maola asanu khutu lake limazolowera zolakwa. Kachipinda kakang'ono ka makoma a njerwa nakonso kamanama, pakuti mawu a pansi amaunjikana m'ngodya ndi kuzimirira pakati pa chipinda. Nchifukwa chake nyimbo iyenera kuyesedwa pa foni ya m'manja, imene sipika yake siitulutsa mawu a pansi, iyesedwenso m'minibasi ndiponso pa masipika a pa msika. Ndi bwinonso kuiyerekeza ndi nyimbo ina yokonzedwa bwino, zonse zikulira pa muyeso umodzi, popeza khutu limakonda kunena kuti chofuula ndicho chokoma.

Kufunsa nakonso kuli ndi luso lake. Wofunsa kuti, "Kodi nyimboyi ili bwanji?" amalandira yankho la ulemu lopanda thandizo, makamaka kwa abale amene safuna kumukhumudwitsa. Wanzeru amafunsa chinthu chimodzi: ngati kugunda kukumveka pachifuwa, kapena ngati bezi ikutha kutsatidwa ndi pakamwa. Amafunsa anthu osiyanasiyana, monga mphunzitsi wa kwaya, mkulu woomba ng'oma ndi mnyamata woimbitsa nyimbo pa maukwati. Atatu akadandaula za malo amodzi, pamenepo pali chilema ndithu. Woyankhayo nayenso asamangoti "siikukoma", koma aloze pamene pavuta ndi kutchula chimene anamvera nyimboyo.

Chowawa nchakuti ntchito imene munthu wachezera nayo usiku imasanduka ngati mwana wake, ndipo mawu odzudzula amalasa mtima. Apa aphunzitsi ali ndi mbali yaikulu. Mwana amene anazolowera kusukulu kulandira chimangirizo chake chitadzaza inki yofiira, nachilembanso mopanda manyazi, sadzaopa kubweza nyimbo yake pa kompyuta kachisanu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Phula lomwelo, m'manja mwa wofunsa, ndilo limene limakometsa ng'oma.