Likoma kapena Mumbo: zoyenera kulingalira posankha chilumba chokapumulirako pa tchuthi

SONGANI, Zomba – Ogwira ntchito m'boma a pa Songani ndi madera ena a m'chigwa cha Domasi amene akufuna kukapumula pa chilumba nthawi ya tchuthi ali ndi zilumba ziwiri zotchuka za pa nyanja ya Malawi zoti asankhepo, zomwe ndi Likoma, chakumpoto, ndi Mumbo, chomwe chili kufupi ndi Cape Maclear m'boma la Mangochi.

Zilumba ziwirizi zili ndi madzi oyera, mchenga wabwino ndi nsomba zokongola, moti munthu woona zithunzi zokha angaganize kuti n'zofanana. Komatu zimasiyana kwambiri pa kayendedwe, pa mtengo ndi pa zimene mlendo akapeze akafika. Kwa mphunzitsi wa pa Domasi College of Education, kalaliki wa ku Malawi Institute of Education kapena namwino wa pa chipatala, yemwe masiku ake a tchuthi ndi owerengeka ndipo ndalama wazisunga kwa miyezi yambiri, kusankha molakwika kukhoza kumuonongetsa ndalama ngakhale kumuchedwetsa kubwerera ku ntchito.

Chilumba chomwe chili pafupi kwambiri ndi Songani ndi Chisi, pa nyanja ya Chilwa, komwe mtsinje wa Domasi umakathira ndipo anthu amafikako pa boti kuchokera pa doko la Kachulu. Chisi ndi malo abwino kwa okonda mbalame ndi ofuna kuona moyo wa asodzi, koma nyanja ya Chilwa ndi yosaya, yamatope ndi yodzala ndi mabango, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo idaumapo m'zaka za 1968 ndi 1995. N'chifukwa chake ofuna kusambira ndi kukhala pa mchenga amalunjika ku nyanja ya Malawi.

Kayendedwe kopita ku Mumbo

Ulendo wa ku Mumbo umayambira pa msewu wa M3 womwe umadutsa pa Songani pomwepo. Munthu amadzera ku Malosa, Machinga ndi Liwonde, kuwoloka mtsinje wa Shire, n'kukhotera kumpoto kudzera pa Ulongwe mpaka ku Mangochi. Kuchokera kumeneko amatsata msewu wa ku Monkey Bay, ndipo atatsala pang'ono kufika amapatukira kumanzere pa msewu wa makilomita pafupifupi 18 wodutsa m'mapiri mpaka ku mudzi wa Chembe, womwe ambiri amangoutchula kuti Cape Maclear.

Mtunda wonsewu ndi wa makilomita pafupifupi 200. Wa galimoto yake akanyamuka m'mamawa amafika masana, pamene woyenda pa minibasi, yemwe amayenera kusintha galimoto ku Liwonde kapena ku Mangochi komanso pa mphambano ya Cape Maclear, ayembekezere kufika chakumadzulo. Kuchokera pa Chembe, chilumba cha Mumbo chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 ndipo amafikako pa boti ya injini kapena pa timabwato topalasa totchedwa kayak.

Izi zikutanthauza kuti ulendo wa ku Mumbo ungatheke m'masiku atatu kapena anayi, monga pa tchuthi cha Pasaka, osatenga masiku ambiri ku ofesi.

Kayendedwe kopita ku Likoma

Likoma ndi nkhani ina. Chilumbachi chili kutali chakumpoto, kufupi ndi gombe la Mozambique, ndipo chazunguliridwa ndi madzi a dzikolo ngakhale kuti ndi gawo la Malawi. Mzika ya dziko lino siifunika pasipoti kuti ifike pa Likoma, koma wofuna kuwolokera ku Cóbuè, tawuni yaing'ono ya Mozambique yomwe imaoneka kutsidya, ayenera kukhala ndi zikalata zoyendera.

Njira yodziwika kwambiri ndi ya sitima ya pamadzi ya Ilala, yomwe idapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949, kubwera nayo m'zidutswa, kuilumikiza ku Monkey Bay ndi kuyamba kunyamula anthu m'chaka cha 1951. Kwa zaka zambiri ndondomeko ya sitimayi yakhala yakuti imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kufika ku Likoma Loweruka, kupitirira ku Nkhata Bay ndi Chilumba, kenaka kudzeranso ku Likoma Lachiwiri ndi kufika ku Monkey Bay Lachitatu.

Motero munthu wa pa Songani ayenera kunyamuka Lachinayi n'kukagona ku Monkey Bay, ndipo abwerera kwawo Lachitatu usiku kapena Lachinayi la sabata yotsatira. Pa sabata yathunthu imeneyi, pa chilumba penipeni agonapo masiku pafupifupi atatu okha. Akaiphonya sitima yobwerera, adikira sabata ina kapena afunafuna boti yopita ku Nkhata Bay, n'kuyamba ulendo wautali wa pamsewu wobwerera ku Zomba.

Popeza Ilala ndi sitima yakale, nthawi zina imaima kuti ikonzedwe, ndipo imachedwa pa madoko kaamba ka kukweza ndi kutsitsa katundu. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, choncho ndi bwino kufunsa ku ofesi ya sitimayi ku Monkey Bay musanalembe kalata yopempha tchuthi, ndi kuonjezera tsiku limodzi kapena awiri pa masiku opemphawo. Pa Likoma palinso bwalo la ndege zing'onozing'ono, koma mtengo wa ndege ndi wosafikirika kwa ogwira ntchito m'boma ambiri.

Zimene mlendo akapeze

Mumbo ndi kachilumba kakang'ono, ka pafupifupi kilomita imodzi m'mimba mwake, ndipo sipakhala mudzi. Kali m'kati mwa Lake Malawi National Park, malo otetezedwa omwe boma lidakhazikitsa m'chaka cha 1980 ndipo bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse m'chaka cha 1984. Chomwe chidatchukitsa malowa ndi nsomba zamitundumitundu za m'miyala zotchedwa mbuna, zomwe mitundu yake yambiri siipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi.

Kaamba ka chitetezo chimenechi, mitengo ya pa Mumbo idakali yowirira, ndipo nkhwazi, ng'azi ndi akatumbu amaoneka kawirikawiri. Kusodza pafupi ndi gombe n'koletsedwa, moti nsomba zimasambira pafupi ndi munthu mopanda mantha. Malo ogona ndi kampu yaing'ono ya matenti ndi tinyumba tamitengo, yolandira alendo ochepa pa nthawi imodzi. Palibe sitolo, msika, tchalitchi kapena chipatala. Amene akufuna bata lenileni, monga banja latsopano kapena munthu wotopa ndi mapepala a mu ofesi, akalipeza kumeneko, koma ana aang'ono akhoza kutopa nawo malowa pakangotha tsiku limodzi.

Wokonda mbiri yakale akaipeza ku gombe la Cape Maclear, dzina lomwe David Livingstone adapereka polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa zakuthambo. Pamenepa ndi pomwe amishoni a ku Scotland adayambitsa Livingstonia m'chaka cha 1875 asanasamukire ku Bandawe mu 1881 pothawa malungo, ndipo manda a ena mwa iwo alipo mpaka lero.

Likoma, mosiyana ndi Mumbo, ndi chilumba cha anthu. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 18, ndipo pamodzi ndi chilumba chinzake cha Chizumulu chimapanga boma la Likoma, lomwe pa kalembera wa chaka cha 2018 lidapezeka ndi anthu 14,527. Kuli midzi, masukulu, msika wa pa Mbamba, chipatala cha St Peter's ndi maofesi a boma. Milambe ikuluikulu ili ponseponse, ndipo magombe a mchenga ndi ambiri moti munthu amatha kuyenda pansi kuchoka pa gombe lina kupita pa lina. Chakudya cha tsiku ndi tsiku ndi nsima ya chinangwa ndi nsomba monga usipa ndi utaka, ndipo pa nthawi za zisangalalo amavina malipenga ndi chioda.

Chokopa chachikulu ndi tchalitchi cha St Peter's Cathedral cha mpingo wa Anglican. Amishoni a Universities' Mission to Central Africa adakhazikika pa Likoma m'ma 1880, ndipo ntchito yomanga tchalitchichi idayamba mu 1903 pa malo otchedwa Chipyela, pomwe kale ankawotcherapo anthu owaganizira ufiti. Kukula kwa nyumbayi, yomangidwa ndi miyala pa chilumba chakutali chotere, kumadabwitsa alendo mpaka lero. Kukhalapo kwa amishoniwa ndi komwe kudachititsa kuti Likoma ikhale mbali ya Nyasaland pamene Angerezi ndi Apwitikizi ankagawana malire. Kwa Akhristu a Anglican a ku Malosa, komwe kuli likulu la Dayosizi ya Upper Shire makilomita ochepa kuchokera pa Songani, ulendo wa ku Likoma ndi wokaonanso kumene mpingo wawo udazika mizu m'dziko muno.

Nkhani ya ndalama

Pa nkhani ya ndalama, zilumba ziwirizi zimakhala ngati zasinthana. Ku Mumbo ulendo ndi waufupi ndi wotsikirapo mtengo, koma kugona pa chilumbapo n'kokwera mtengo chifukwa malo ndi ochepa, chakudya chonse chimachokera ku gombe pa boti, ndipo mitengo idaikidwa poganizira alendo a kunja. Pamafunikanso kulipira ndalama yolowera m'malo otetezedwa, ngakhale kuti Amalawi amalipira yocheperapo akaonetsa chiphaso cha unzika.

Amene thumba lawo silingakwanitse kugona pa Mumbo akhoza kugona pa Chembe, pomwe pali nyumba zogona alendo za mitengo yosiyanasiyana, n'kubwereka boti yokaona zilumba zapafupi monga Thumbi ndi Domwe masana okhaokha. Banja lalikulu kapena gulu la ogwira ntchito pa ofesi imodzi likasonkherana, mtengo wa boti umapepuka.

Ku Likoma ndalama zambiri zimathera pa ulendo: basi, kugona ku Monkey Bay, tikiti ya sitima ndi chakudya cha m'njira. Pa Ilala pali magawo osiyanasiyana, kuyambira zipinda zogona mpaka gawo lapansi lotsika mtengo lomwe limadzaza ndi anthu ndi katundu. Koma munthu akafika pa chilumbapo amakhala ndi mwayi wosankha, kuyambira malo apamwamba monga Kaya Mawa mpaka nyumba wamba zogona alendo. Katundu wa m'sitolo amakwererapo mtengo chifukwa amabwera pa sitima, choncho ndi nzeru kunyamuliratu zofunika zing'onozing'ono ndi ndalama zokwanira.

Nyengo ndi zaumoyo

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti pa nyanja pamawomba mphepo ya mwera yochokera kummwera, yomwe imautsa mafunde aakulu makamaka pakati pa nyanja pomwe pali Likoma. Aphunzitsi azindikire kuti tchuthi chachitali cha sukulu chimagwa m'nyengo yomweyi. Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala kumatentha ndipo nyanja imakhala yabatako, n'chifukwa chake anthu ambiri amapita ku nyanja pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala. Tchuthi cha Khirisimasi chimagwa m'nyengo ya mvula, pomwe mphepo ya mkuntho imatha kubuka mwadzidzidzi.

Pa nyengo iliyonse, wokwera boti yaing'ono aonetsetse kuti muli majekete oyandamitsa munthu pa madzi okwanira aliyense kuphatikizapo ana, ndipo akane kukwera boti yodzaza mopyola muyeso kapena yonyamuka usiku.

Matenda a likodzo amapezeka m'madera ambiri a nyanja ya Malawi, makamaka m'madzi osaya a pafupi ndi midzi pomwe pamakhala nkhono zofalitsa tizilombo ta matendawa, ndipo gombe la Chembe ndi limodzi mwa malo odziwika ndi vutoli. Aliyense wosambira m'nyanja apite kukayezetsa ku chipatala patatha masabata angapo atabwerera, ngakhale asakumva kudwala, popeza mankhwala ake otchedwa praziquantel amapezeka. Malungo nawo ali konsekonse m'mbali mwa nyanja, choncho kugona mu neti n'kofunika. Amene ali ndi matenda monga a shuga kapena kuthamanga kwa magazi anyamule mankhwala okwanira, pokumbukira kuti pa Mumbo palibe chipatala, ndipo pa Likoma wodwala kwambiri amayenera kuwolotsedwa nyanja kuti akalandire chithandizo ku chipatala chachikulu.

Tsono asankhe chiti?

Wogwira ntchito amene ali ndi masiku osapitirira anayi, amene akuyenda ndi mkazi kapena mwamuna wake yekha ndipo akufuna bata ndi kuona nsomba, alunjike ku Cape Maclear ndi Mumbo. Amene wapatsidwa masiku asanu ndi atatu kapena kuposerapo, amene akufuna kuti ana ake akwereko Ilala, aone tchalitchi cha St Peter's ndi kucheza ndi anthu a pa chilumba, asankhe Likoma.

Kulikonse kumene angapite, ndalama zake zikathera m'manja mwa oyendetsa maboti, ogulitsa nsomba ndi ogwira ntchito m'nyumba zogona alendo a m'dziko mommuno. Chofunika n'chakuti kalata ya tchuthi ivomerezedwe ndi akuluakulu a ku ntchito, tsiku la sitima litsimikizike ndipo malo ogona asungitsidwe munthu asananyamuke pa Songani.