Kusankha Zipangizo Zopangira Zidole Zovala Kuchala

Chidole chovala kuchala ndi kathumba kakang'ono kokhala ndi nkhope ya munthu kapena ya nyama, komwe wokamba nthano amalowetsamo chala kuti kalulu, fisi kapena kamba aoneke ngati akugwedeza mutu ndi kuyankhula pamaso pa ana. Popeza kachidoleka kamapindika nthawi iliyonse pamene chala chapindika, ndiponso kamadutsa m'manja mwa ana ambiri tsiku limodzi, wosankha zipangizo ayenera kuyamba wadzifunsa ngati chinthucho chingapirire kupindidwa, kuchapidwa ndi kulumidwa, asanakopeke ndi kuwala kwa mtundu wake.

Nsalu yomwe opanga zidole ambiri amaikonda ndi feleti, yomwe imapangidwa popanikiza ubweya wa nkhosa kapena ulusi wa pulasitiki mpaka utagwirana popanda kuwomba, ndipo chifukwa cha kapangidwe kameneka siyoyoka ulusi m'mphepete ikadulidwa, kotero kuti makutu a kalulu kapena chitamba cha njovu zimangodulidwa ndi sizasi n'kusokereredwa pomwepo. Vuto lake ndi lakuti sitambasuka kwenikweni, choncho muyeso uyenera kukhala wolondola: zidutswa ziwiri zotalika pafupifupi masentimita 7 ndi zotambalala masentimita 4 zimakwana chala cha munthu wamkulu, pamene chala cha mwana chimafuna zocheperapo.

Zidutswa za chitenje zotsala kwa atelala zimapezeka mosavuta, koma poti chitenje ndi nsalu yowomba, ulusi wake umayoyoka ngati mphepete sizinapindidwe, ndipo wodula ayenera kusiya malo owonjezera a msoko. Chidutswa chabwino ndi cha maluwa ang'onoang'ono, pakuti duwa lalikulu silioneka pa kansalu kongokwana chala, ndipo ndi nzeru kuchichapa kaye kuti zidziwike ngati chimasuluka utoto, womwe ungathere m'kamwa mwa mwana. Zoluka, monga masokosi, majuzi ndi magolovesi akale a pa kaunjika, zili ndi mwayi umene feleti ndi chitenje zilibe, chifukwa zimatambasuka n'kugwira chala cha mphunzitsi ndi cha mwana mofanana, ndipo chala chodulidwa ku golovesi chimakhala kale thupi la chidole longofuna nkhope. Nzosadabwitsa kuti amayi a ku Puno, m'mphepete mwa nyanja ya Titicaca ku Peru, omwe amagulitsa zidole zoterezi m'maiko ambiri, amaziluka ndi ulusi.

Mapepala ndi makatoni amathandiza pamene ana eni ake akupanga zidole za phunziro la tsiku limodzi, zomwe zikugwirizana ndi njira ya TALULAR, yophunzitsidwa kwa aphunzitsi ku Malawi, yolimbikitsa kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Phala la ufa wa chinangwa limamata bwino m'malo mwa guluu, ngakhale kuti limaitana mphemvu, ndipo pepala limafewa ndi chinyezi cha nyengo ya dzinja.

Nkhani yaikulu kuposa zonsezi ndi ya maso ndi mphuno za chidole, pakuti mabatani, mikanda ndi njere, zomwe zimakongoletsa nkhope msanga, ndizo zimatsamwitsa ana zikathothoka. Malamulo a zoseweretsa a ku Ulaya ndi ku America amayesa tizidutswa totere ndi kachitini kotambalala mamilimita 31.7, ndipo chilichonse cholowamo chathunthu chimaletsedwa pa zoseweretsa za ana osakwana zaka 3. Pachifukwa chimenechi, zidole za ku sukulu za mkombaphala ziyenera kukhala ndi maso opeta ndi ulusi, ndipo mlezi asanapereke chidole kwa ana ayenera kukoka mwamphamvu khutu, mchira ndi chilichonse chosokereredwa, kuti chofuna kuchoka chichokere m'manja mwake.