ZA NYUMBA YA MABUKU NDI ZA KUCHULA MWINI MAU

Abale anga aphunzitsi, ndi inu akatekisti a m'midzi yathu ya Mchinji, nkhani ya mwezi uno iri ya ana athu amene apita ku sukulu zazikuru, zochedwa mayunivesite. Kapena wina adzati, Nanga ife a sukulu za kumidzi itikhudza bwanji? Itikhudza ndithu, pakuti msampha umene ugwira ana athu kumeneko tinauchera ndife, osadziwa.

Sukulu zotere siziri zacilendo kuno kumalire. Ansembe a White Fathers anayamba misyoni ya Kachebere mu 1903, ndipo mu 1939, boma lathu lino likali kuchedwa Fort Manning, anatsegulapo seminale yaikuru, m'mene anyamata a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia anaphunzira pamodzi, nawerenga mabuku a Cilatini. Yunivesite ya Malawi inadza pambuyo pace: inayamba kuphunzitsa ku Blantyre mu 1965, ndipo mu 1973 Chancellor College inasamukira ku Zomba. Lero mwana wa ku Mkanda kapena wa ku Kapiri akhoza kunka ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, kapena kuoloka malire kunka ku Lusaka. Konseko adzapeza nyumba imodzi imene sanaione kwao, ndiyo laibulale, nyumba ya mabuku.

Mwana amene sanaonepo mabuku makumi awiri pamalo amodzi, polowa m'menemo agwidwa mantha, nayendayenda pakati pa mashelefu monga wosokera m'nkhalango. Komatu nyumbayo iri nazo njira zace. Buku liri lonse liri ndi nambala pamsana pace, yosonyeza pamene likhala. Nyumba zambiri zitsata makonzedwe a Melvil Dewey wa ku America, amene mu 1876 anagawa nzeru zonse m'magulu 10. Za cipembedzo ziyambira pa 200, ndipo Baibulo liri pa 220; za zinenero ziyambira pa 400, ndipo zinenero zathu za mu Africa ziri pa 496; mbiri za maiko ziri m'gulu la 900. Nyumba zina ziika zilembo patsogolo pa nambala, koma nzeru yace ndi yomweyo, yakuti mabuku a nkhani imodzi akhale moyandikana, kuti wopeza limodzi apeze ndi anzace omwe. Kale maina a mabuku analembedwa pa timakadi. Tsopano afunidwa pa kompyuta. Ndipo alipo munthu amene nchito yace ndiyo kuthandiza wofuna buku, ndi kumsonyeza zolemba za akatswiri zofika pa intaneti. Aphunzitsi a yunivesite eni ace apita kwa iye osacita manyazi. Ana athu amlambalala, poyesa kuti kufunsa ndiko kuonetsa umbuli. Muwakumbutse za Safunsa uja anadya phula.

Muwauzenso kuti buku la m'menemo liri la anthu ambiri, ndi kuti likatayika silibwera msanga. Mu December 2015 laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu inapsa, ndipo mabuku ngati 45,000 anasanduka phulusa. Iye wong'amba tsamba kuti akawerengere kogona acita nchito ya moto womwewo, koma pang'ono pang'ono.

Tsono ndifike pa msampha uja. Mnyamata wina wa mumpingo mwathu, amene ndinamphunzitsa ndine ali wamng'ono, anabwera pa chuthi ali wakugwa nkhope. Anamuuza kuti alembe za kufika kwa Angoni a Mpezeni m'dera lino. Iye anapeza buku labwino, natengamo masamba awiri monga momwe aliri, nawapereka. Mphunzitsi wace anambwezera pepalalo lopanda malikisi, nati, Waba. Mnyamatayo sanabepo ngakhale mbatata ya mwini. Anangocita cimene ndinamzoloweza ine. Kodi si ife amene tilemba pa bolodi, ana nakopera m'makope mwao, ndipo pa mayeso tipatsa malikisi onse kwa iye amene wabweza mau athu osasintha ndi limodzi lomwe? Cimene ticiyesa kukhoza, ku yunivesite aciyesa kuba. Ndipo wogwidwa naco alephera phunzirolo, mwinanso acotsedwa sukulu. Masiku ano ali nazo ndi kompyuta zolinganiza pepala la mwana ndi zolembedwa zina zambirimbiri, kotero kuti kubisala nkobvuta.

Sindinena kuti kuloweza pamtima nkoipa, iai. Katekisimu ndi mapemphero ziyenera kulowezedwa. Koma lamulo la ku yunivesite ndi ili: ukatenga mau kapena ganizo la munthu wina, umchule. Ndipo lamuloli siliri la Azungu okha. Liri lathu lomwe. Pa bwalo la milandu munthu akati, Mbuzi za uje zinadya cimanga, nyakwawa imfunsa, Unaona wekha kodi, kapena wamva? Akati, Ndamva, imfunsanso, Wamva kwa yani? Akapanda kumchula, mau ace agwa pansi.

Cinenero cathu comwe cisiyanitsa zimenezi, ndipo pano mucenjere, pakuti ndipo pagona phunziro lonse. Munthu akati *ndinaona*, ali mboni, ndipo mauwo ngace. Akati *uje anati*, ayenera kubwereza mau eni eni a mwini wace. Polemba, mau otere tiwatsekera m'zizindikiro zogwira mau, osaonjezera kapena kucotsa kanthu. Akati *uje ananena kuti*, apereka ganizo la mwini wace m'mau ace a iye mwini. Zizindikiro sizifunika, koma dzina lifunikabe. Apa ndipo akhumudwa ambiri, poyesa kuti akasintha mau atatu kapena anai ganizolo lasanduka lao. Cotsiriza ndi *akuti*, kamau kopanda mwini, kamene kayenda nako mphekesera za pacitsime. Zitatu zoyambazo yunivesite izilandira, *akuti* imkana.

Inu akatekisti mudziwa kale mcitidwe umenewu koposa ena onse. Simunena konse mau a m'Malembo monga ngati nganu. Muchula buku, mutu ndi ndime, kuti womva akhoze kutsegula yekha ndi kuona ngati mwanena zoona. Mwana wa ku yunivesite afunsidwa zomwezo: dzina la mlembi, caka ca bukulo, ndi tsamba. Akalemba za *Nthondo*, achule Samuel Ntara ndi 1933, natero wowerenga adziwa pokafuna.

Taonani m'mene anacitira akale. David Clement Scott wa misyoni ya Blantyre anasindikiza buku lace lomasulira mau a Cimang'anja mu 1892. Alexander Hetherwick analikonzanso nalikulitsa, ndipo linaturuka mu 1929, Scott atamwalira kale. Koma patsamba loyamba dzina la Scott liripo, ndipo Hetherwick adzichula wokonza ndi woonjezera cabe. Anacita bwino. Cimene cindiwawa ine ncakuti patsamba lomwelo maina a Amang'anja amene mauwo anaturuka m'kamwa mwao palibe. Cotero mwana wathu akafunsa agogo ace za gule wamkuru kapena za maukwati, alembe dzina lao, iwo akalola, ndi mudzi, ndi tsiku limene anaceza nao, monga momwe akadacitira ndi buku la Mzungu.

M'mayunivesite ena, monga wa Cape Town ku South Africa, muli cipinda capadera ca kuthandiza olemba. Wophunzira abwera ndi pepala lace losatha, nakhala pansi ndi womthandiza. Ameneyo samlembera, koma amfunsa: Ufuna kunena ciani? Umboni wako uli kuti? Awa ndi mau ako kodi? Pamene cipinda cotere palibe, nchitoyo igwera woyang'anira mabuku ndi mphunzitsi wa phunzirolo, amene ali nao ana mazana. Cifukwa cace mwana wofika atazolowera kale apulumuka, ndipo mnzace amira.

Kumzoloweza sikulira ndalama. Pa sukulu panu pakhale bokosi la mabuku, ngakhale ali 15 okha, ndi kope lolembamo wobwereka ndi tsiku lobweza. Ana eni ace asunge kopelo mosinthana. Ndipo kamodzi pa sabata mwana awerenge tsamba limodzi, atseke buku, alembe cimene wamva m'mau ace, m'Cicewa poyamba ndi m'Cingelezi pambuyo pace. Pansi pace alembe dzina la mlembi, caka ndi tsamba. Akabweza mau a m'buku monga momwe aliri, musampatse malikisi, koma mumfunse monga nyakwawa, Wamva kwa yani?